Makangaza a Mam Zorab

Chimene sindinachimvetse pa Mam Zorab mpaka lero ndi ichi: kodi alendo aja ankawakhulupiriradi? Munthu amene sankakhulupirira ngakhale wogulitsa shuga, amene ankanunkhiza masamba a tiyi asanawagule, amene nkhani za pa wailesi ankazimva akupukusa mutu, zinkatheka bwanji kuti mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja akangoti "tidzabwera," iye n'kuwasunga mawuwo ngati kuti munthuyo walumbira atagwira buku loyera? Ndinagwira naye ntchito zaka zambiri pansi pa denga limodzi, koma ndikati yankho ndikulidziwa ndiye kuti ndanama.

Ine ndinali womasulira pa unduna wina wa boma la chigawo chathu cha Kurdistan, mumzinda wa Erbil. Dzina la undunawo ndilisiya, chifukwa palibe amene analakwa kumeneko. Chingerezi ndi Chifalansa ndinaphunzira kwa ansembe ku Mosul ndili mnyamata, ndipo ansembe omwewo anandiphunzitsa kusathamangira kutamanda munthu, wamoyo kapena wakufa. Choncho sindinena kuti Zorab anali wabwino kuposa ena. Anali waukali pang'ono, wosachedwa kukhumudwa, ndipo tiyi wake masiku ena ankawawa. Ndingonena zimene ndinaona.

Zorab anali wophika tiyi, ndipo ndiyenso ankasamala chipinda cholandirira alendo. Anali wamtali, woonda, wa ndevu za pamlomo zaimvi. Suti sanavalepo ngakhale tsiku limodzi. Ankabwera ndi buluku lotakasuka la kumapiri, lamba wansalu atakulunga m'chiuno, nduwira kumutu. Tonse tinkamutcha Mam, monga umatchulira m'bale wa bambo ako, ngakhale ine amene sindinali wochepa kwenikweni kwa iye. Iye ankanditcha Mamosta, kutanthauza mphunzitsi, poti ndinaphunzitsapo sukulu, ndipo akakwiya nane ankawonjezera dzina, n'kuti Mamosta Hormiz. Kakhitchini kake kanali pansi pa masitepe. Munali mbaula ya gasi, maketulo awiri osanjikizana, timatambula ta tiyi tokhala ndi chiuno, ndi mpando umodzi wopanda chotsamira.

M'chipinda cha alendo munali mipando ikuluikulu ya m'mbali mwagolide. Nduna inkakhala kumtunda ndi mlendo wamkulu, kathebulo pakati pawo, ine pakampando kumbuyo, mutu wanga uli pakati pa mitu iwiriyo. Kumbuyo kwanga kunkaima mbendera ziwiri, yathu ya dzuwa ndi ya boma lalikulu la ku Baghdad. Zorab ankasita zonse ziwiri. Yathu ankaisita akung'ung'udza nyimbo, inayo ankaisita ali chete, koma ankaisita bwino, chifukwa alendo a m'mabungwe akunja sankalola kujambulidwa popanda iyo. Mabungwe amenewa amachita zinthu ndi mayiko, ndipo ife ndife chigawo chabe, ngakhale tili ndi nduna zathu.

Ankabwera pa magalimoto oyera aatali, amuna ndi akazi, ena oona za ndalama, ena za anthu othawa kwawo, ena za ulimi, aliyense atanyamula botolo lake la madzi. Nduna inkawalandira n'kufotokoza mavuto a chigawo. Iwo ankayankha kuti amva, kuti ndondomeko iyenera kukhala yomveka, kuti thandizo lidzera ku Baghdad, kuti nkhaniyo akaitula kulikulu lawo. Ine ndinkatembenuza mawuwo uku ndi uku ngati wophika buledi. Pomaliza ankagwirana chanza, wojambula n'kujambula, madzulo n'kuoneka pa kanema. Sindikunyoza ayi. Zambiri zinkachitikadi. Zitsime zinakumbidwa, masukulu anafoleredwa, minda yambiri inachotsedwa mabomba. Kungoti zinkayenda mwa dongosolo lawo, ndipo dongosololo silinkadziwa kuti kuli munthu wobweretsa tiyi.

Kwawo kwa Zorab kunali ku Kani Hanar, kamudzi ka m'mapiri pafupi ndi malire a Iran. Pa nkhondo ya m'ma 1980 anthu onse a m'mudzimo anasamutsidwa pa malole, nyumba zinagwetsedwa, ndipo asilikali anakwirira mabomba m'minda, m'njira, ngakhale pa kasupe. Nkhondo itatha anthu sanabwerere. Achikulire anafera m'nyumba za mabuloko kuchigwa, ana awo anazolowera magetsi. Amene ankatchulabe mudziwo ngati malo oti munthu angakagoneko anali Zorab yekha, ndipo chifukwa chake sichinali chobisika. Mkazi wake, Gulbahar, anamwalira m'chisanu chomaliza asanasamutsidwe. Poti chipale chofewa chinali chitatseka njira ya kumanda, anamuika m'munda wa makangaza wa banja lawo, pansi pa mtengo wapakati. Chichokereni pa lole ija, Zorab sanaimepo pa manda amenewo. Ankafuna chinthu chimodzi basi: kuti akatswiri ofukula mabomba adzatsegule kanjira kolowera m'mundamo, iye akadali ndi miyendo yoyendera.

Mundawo unazunguliridwa ndi miyala yopaka utoto wofiira, yochenjeza kuti munthu asapitirire. Koma mtengo umodzi unali kunja kwa mzere wa miyalayo, m'mphepete mwa msewu. Chaka chilichonse, kutentha kukayamba kuchepa, Zorab ankapempha tchuthi, n'kukwera matakisi kupita kumeneko, n'kubwerako ndi thumba la makangaza a mumtengo umodziwo. Sankagulitsa. Ife sankatigawira. Ngakhale nduna inkadya nawo chifukwa choti yakhala pambali pa mlendo. Ankawasunga m'bokosi la udzu wouma pansi pa sinki, ndipo ankakhala miyezi osaonongeka. Tsiku la msonkhano waukulu ankang'amba limodzi kapena awiri, n'kuchotsa njere zofiirazo ndi zala, osagwetsa ndi imodzi yomwe, chifukwa Asilamu anzake amakhulupirira kuti m'khangaza lililonse muli njere imodzi ya ku Paradizo, ndipo sungadziwe kuti ndi iti. Ankawaza kamchere, n'kuika m'timbale tagalasi, kalikonse ndi kasipuni kake.

Kumapiri, munthu akadya chipatso cha mumtengo mwako, cholandira m'dzanja lako, n'kumva dzina la mudzi wako, salinso wongodutsa. Ukamuitana n'kuvomera, amabwera, ngakhale padutse chilimwe ndi chisanu, ndipo akalephera amatumiza mwana wake. Zorab anakulira m'mwambo umenewo. Ndiye ankaima pambali, thileyi atakumbatira pachifuwa, mpaka mlendo wamkulu atameza sipuni yoyamba. Mlendo akayamikira kukoma, iye ankandiyang'ana kuti ndimasulire, kenako n'kuika dzanja pamtima.

"Ndi a ku Kani Hanar. Kumeneko ndi kwanu. Mudzabwere mudzaone mtengo wake."

Ndipo mlendo aliyense, poti ndi anthu oleredwa bwino, ankamwetulira n'kuyankha kuti, "Ndithu, tidzabwera."

Sherko, dalaivala wa nduna, ndiye sankamupatsa mpata wopuma. Ankalowa m'kakhitchinimo akuzunguza makiyi pachala.

"Mtendere ukhale nanu, Bwana Nduna Yoona za Makangaza! Lero mwasainirana ndi dziko liti?"

"Choka apa, bulu wa mawilo anayi iwe. Ukundipondera udzu."

"Mam, kasipuni kamodzi kokha. Inetu ndikhoza kubweradi, galimoto ndili nayo."

"Galimoto ya eni ake. Ndiye ukabwera, bombalo udzafukula ndi chiyani? Ndi pakamwa pakopo?"

"Pakamwa pangapa pafukula zambiri, musapanyoze. Nanga wadazi wa chaka chatha uja, anamaliza mbale ziwiri uja, ali kuti?"

"Anamusamutsa. Si kufuna kwake."

"Nanga mayi wa magalasi uja?"

"Amayi ake anadwala. Imwa tiyi uzipita, mwana wanga, bwana wako akukufuna."

Aliyense amene anadya, Zorab ankamukumbukira nkhope ndi mavalidwe omwe, ndipo aliyense anali atamupezera chifukwa chomveka cholepherera. Alendo amenewa sakhalitsa. Amakhala zaka zochepa, n'kutumizidwa kumene kwabuka nkhondo yatsopano, m'malo mwawo n'kubwera nkhope ina ndi botolo lina la madzi. Zorab ankayambiranso poyamba.

Musaganize kuti sanayeseko khomo la pafupi. Nduna iliyonse imene inalowa pa unduna paja anaipempha, ndipo iliyonse inamuyankha moona: zida ndi akatswiri amalipiridwa ndi mabungwe akunja, ndipo kumene akayambire amagwirizana pa misonkhano yomwe ija. Zorab anamva bwino lomwe. Ngati makiyi ali ndi alendo, ndiye kuti alendowo ndiwo oyenera kudyetsedwa.

Ine ndinayesapo kumuuza, tsiku lina masana tikudya buledi ndi chambiko.

"Mam, anthu awa akamati tidzabwera, ndi ulemu chabe. Mwambo wa kumapiri sakuudziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akutafuna.

"Mamosta Hormiz, inu munaphunzira kwa azungu. Ansembe anu aja ankanama?"

"Ayi."

"Ndiye awa anabadwa kwa amayi a mtundu wina?"

Iye mayankho aatali sankawakonda, ndiye ndinangopitiriza kudya. Anatola nyenyeswa za buledi patebulo n'kuziika pawindo kuti mbalame zidye. Nkhaniyo sitinaiyambenso.

Ku Kani Hanar ndinapita naye kamodzi kokha. Sherko anatumidwa kutauni ya kumalire m'nyengo ya makangaza, ndipo anatitenga tonse awiri. Tinasiya tala n'kukwera msewu wafumbi wokhotakhota. Pamene Zorab anati "ima," panalibe nyumba, koma milu ya miyala yomera udzu. Munda unali kumunsi kwa msewu, pa timakoma ta miyala timene makolo anamanga potsetsereka. Mitengo inali yosadulira, nthambi zitalowana, koma yobala modabwitsa. Makangaza ena anali atang'ambika okha m'mitengo, ena ali mbwee pansi, mbalame zikujompha mosaopa kanthu. Fungo lawo lovunda motsekemera linkafika mpaka pamsewu. Sherko anazimitsa injini.

Zorab anayenda mpaka pa mwala wofiira, nsapato zake zitatsala pang'ono kuukhudza. Anatambasula manja n'kunena pemphero lawo la akufa. Atamaliza anayankhula ndi mawu wamba, ngati munthu woitana mkazi wake amene ali kuseri kwa nyumba.

"Gulbahar, ndine. Ndili pamsewu pano. Chaka chino amene wadya ndi wamkulu weniweni, watsitsi loyera. Wati abwera."

Anadikira pang'ono. Kenako anatembenuka n'kuyamba kuthyola mumtengo wakunja uja, akuika zipatso m'thumba chimodzichimodzi. Ndinamufunsa kuti mandawo ali pati. Analoza ndi chibwano. Sindinaone kanthu koma masamba, komabe sipanali patali. Munthu wa dzanja labwino akanaponyapo mwala.

Zaka zinapita. Nduna zinasintha, mipando ya golide ija anaikutanso nsalu ina, mumzinda munamera nyumba zazitali zagalasi. Zorab ankakhala m'chipinda chalendi kuseri kwa malo ophikira buledi, ndipo sanaitanepo aliyense wa ife kumeneko. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi amene anakwatiwa kutsidya, ku Iran, ndipo ankamveka pa foni nthawi ya zikondwerero zokha. Madzulo tinkatulukira geti limodzi, iye n'kulowera kumanzere, ine kumanja kupita kudera la Ankawa, kunyumba imene ana anga anaisiya popita ku Sweden. Sitinali mabwenzi oyenderana. Tinali anthu awiri odya chamasana pamodzi chifukwa kunyumba kunalibe wodya naye. Ndinkaona kuti maondo ayamba kumuvuta pa masitepe, ndiponso kuti thumba la makangaza linkabwera lopepukirapo chaka ndi chaka, poti nthambi za pamwamba sankazifikiranso.

Kenako kunabwera mayi wina kudzatsogolera bungwe limene linkathandiza kwambiri pa ntchito ya mabomba. Dzina lake linali Elke, ndipo tinkamutcha Khatun Elke, monga timatchulira mayi wolemekezeka. Anali wamng'ono thupi, wosamwetulira pachabe, ndipo anali ataphunzira kupereka moni m'Chikurdi. Nduna ya nthawi imeneyo inali yachinyamata, yophunzira kunja, yokonda nthabwala, koma pa nkhani ya midzi ya kumalire inkalimba.

Msonkhano wawo woyamba unali wovuta. Khatun Elke anayala mapu pa kathebulo n'kunena mosazungulira kuti thandizo lachepa, poti maso a dziko atembenukira ku nkhondo zina. Ndondomeko yatsopano inali yoti akatswiri azipita kumene kuli anthu ambiri, pafupi ndi masukulu, misewu ndi minda imene ikulimidwa. Kumene sikukhala munthu angokaikako zizindikiro zatsopano n'kukusiya.

"Khatun," inatero nduna, "mukuti simukafukula chifukwa kulibe anthu. Anthutu kulibe chifukwa simunakafukule."

"Ndikudziwa, Bwana Nduna. Ndinawauza zomwezo kulikulu. Koma ndikatumiza gulu kuphiri lopanda munthu, ndiye kuti ndalichotsa pa njira imene ana akudutsa m'mawa uliwonse."

"Ndiye malire athu akhale chipululu mpaka kalekale?"

"Sindinatero. Ndati sindingalonjeze zimene sindingathe."

Anakankhana choncho kwa nthawi, ine ndikutuluka thukuta pakati pawo. Mpamene chitseko chinatseguka, Zorab n'kulowa ndi thileyi ya timbale tofiira. Anaika kambale koyamba patsogolo pa Khatun Elke, pambali pa mapu, n'kubwerera pang'ono n'kuima monga mwa nthawi zonse. Mayiyo anathokoza m'Chikurdi, natunga njere ndi kasipuni. Nduna, pofuna kuziziritsa chipinda, inaseka.

"Samalani, Khatun. Wodya makangaza amenewa amakhala wadzimanga. Mam Zorab azikudikirani kumudzi kwawo."

Ndinamasulira. Sipuni ya Khatun Elke inaima m'malere.

"Wadzimanga bwanji?"

Nduna inafotokoza za mwambowo ikumwetulirabe, monga munthu amafotokozera mlendo khalidwe loseketsa la amalume ake. Khatun Elke sanaseke. Anatembenukira kwa Zorab n'kumufunsa dzina la mudzi. Anafufuza pa mapu, osalipeza. Zorab anayandikira, nawerama, naika chala chake chofiira ndi madzi a makangaza pamalo pamene panalibe cholembedwa chilichonse.

"Ndi mabanja angati akufuna kubwerera kumeneko?"

"Ine, Khatun."

"Inu ndi banja lanu?"

"Banja langa lili komweko kale."

Apa nduna inasiya kumwetulira, n'kumufotokozera motsitsa mawu za manda a m'munda. Mayiyo anayang'ana kambale kaja, n'kuyang'ananso Zorab.

"Amene analipo ndisanabwere ine, anadya?"

"Onse, Khatun. Anali anthu abwino."

"Ndipo anati abwera?"

"Onse."

Anabwezera njere zija m'kambale mosamala, naika sipuni pambali, nakankhira kambaleko patsogolo pang'ono.

"Muwauze kuti sindidya. Ndikadya ndikhala ndawanamiza. Pa ndondomeko imene tikukambiranayi, kumudzi kwawo sitidzafikako, kaya ine kaya wodzabwera pambuyo panga. Muwauze kuti ndikupepesa kwambiri."

Kwathu, wokana chakudya cha m'dzanja lako pamaso pa anthu ndi munthu amene wabwera ndi mlandu wa magazi. Mayiyo sankadziwa zimenezo. Wojambula anatsitsa kamera yake. Nduna inapendekera kwa ine n'kunong'ona kuti, "Mamosta, fewetsaniko." Koma panalibe chofewetsa, kambale kokankhidwa kaja kanali katanena kale. Ndinamasulira mawu onse monga anawanenera.

Zorab anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa mapu. Kenako anatenga kambale kaja n'kukabwezera pa thileyi, naika dzanja pamtima.

"Muwauze a Khatun kuti tiyi akubwera. Tiyi samanga munthu."

Anabweretsadi tiyiyo, ndipo mayiyo anamwa. Msonkhano unapitirira. Anagwirizana zina, zina anazisiyira ulendo wina, n'kujambulidwa patsogolo pa mbendera ziwiri. Ndikumuperekeza ku galimoto, Khatun Elke anandifunsa ngati walakwitsa. Ndinamuyankha kuti sindikudziwa, ndipo sikunali kuzemba.

Nditabwerera ndinapeza Sherko ali m'kakhitchini akukalipa.

"Mkazi wopanda mwambo! Anakulira kuti ameneyu? Kukankha mbale ya munthu wamkulu ngati akukankha mphaka! Mam, mungondiuza, ndikaphwetsa matayala onse anayi a galimoto yoyera ija."

"Khala pansi, bulu iwe, usanagwetse ketulo."

"Koma Mam, pamaso pa nduna!"

"Ndati khala pansi. Wadazi wako uja anadya mbale ziwiri. Uyu sanadye ndi njere imodzi, koma ndiye yekha wandifunsa kuti kwathu ndi kuti."

Sanaoneke wokwiya, sanaonekenso womasuka. Anaoneka ngati munthu amene wanyamula katundu ulendo wautali, ndipo atamutula akusowa pokaika manja. Mpamene ndinayamba kudzifunsa funso limene ndayamba nalo lija. Kodi zaka zonsezi ankadikira munthu woti abwere, kapena ankangofuna kuti chaka chilichonse akhale ndi choti akamuuze Gulbahar pamsewu paja?

Anatenga kambale kokanidwa kaja n'kugawa njerezo m'timbale tiwiri. Kena anapatsa Sherko, kena anandipatsa ine. Zaka zonse zija sindinalawepo.

"Idyani. Musagwetse njere."

Sherko anayang'ana kambale kake, misozi ikulengeza m'maso.

"Mam, ine ndikulonjeza kuti..."

"Usalonjeze kanthu. Ingodya."

Anali owawasa kuposa a kumsika, njere zake zolimba, mchere ukumveka pambuyo. Tinadya titaimirira, iye atakhala pa mpando wake akutiyang'anira kuti tisagwetse.

Anagwirabe ntchito milungu ingapo. Tiyi ankabwera pa nthawi yake, mbendera zinkasitidwa. Koma timbale tagalasi sitinalowenso m'chipinda cha alendo. Makangaza otsala m'bokosi anagawira alonda a pageti, amayi osesa, ndi wolima maluwa, aliyense lake. Khatun Elke anabweranso ku msonkhano wina ndipo anamupatsa moni m'Chikurdi. Iye anayankha mwaulemu wonse, n'kumuikira shuga pambali monga mayiyo ankakondera.

Lachinayi lina masana, anthu akuweruka, ndinamupeza atatsuka timatambula tonse n'kutivundikira pa nsalu. Bokosi la udzu linali lopanda kanthu. Kiyi wa kakhitchini anali atamukoleka pa msomali. Iye anali atavala nduwira yatsopano, kamtolo ka zovala m'khwapa, ndodo m'dzanja, ndipo mu lamba wake munali mpeni wopindika wodulira mitengo.

"Mamosta, ndiperekezeni pageti."

Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha maondo ake.

"Mukupita kumudzi, Mam?"

"Nyengo yake yapita. Mtengo ulibe kanthu."

"Ndiye kwa mwana wanu, kutsidya?"

Anaima n'kundiyang'ana chammbali, ndevu zikubisa kumwetulira.

"Mamosta Hormiz, lero mwayamba kufunsa mafunso anuanu? Ntchito yanutu ndi kunena za eni ake."

Anandigwira dzanja, n'kulisiya msanga, poti tonse sitinali anthu okumbatirana. Anati ndiuze Sherko kuti ketulo yapamwamba imadontha, aisamale akamaba tiyi.

Lamlungu, ntchito itayambanso (poti kwathu timapuma Lachisanu ndi Loweruka), sanabwere. Mwini chipinda chake anati analipira zonse n'kusiya chitseko chotsegula. Sherko anayendetsa galimoto mpaka ku Kani Hanar, ndipo anapeza miyala yofiira ili m'malo mwake, udzu wa kuseri kwake wosapondedwa. Abusa a nkhosa a kumeneko anati sanaone munthu ndipo sanamve kuphulika kulikonse. A kutsidya, kwa mwana wake, anati kumeneko sanafike.

Chimene ndinaona ine ndi ichi chokha. Atatuluka pageti Lachinayi lija sanalowere kumanzere monga mwa masiku onse. Anaoloka msewu n'kuimitsa takisi. Anawerama pawindo n'kulankhula ndi dalaivala kwa kanthawi, dalaivalayo akupukusa mutu, kenako n'kuvomera. Zorab analowetsa ndodo, n'kulowa iye, nduwira itagunda pakhomo. Takisiyo inalowa m'chipiringu cha magalimoto cholowera pa mphambano yaikulu, pamene pamayambira misewu ya kumapiri, ya kuchigwa ndi ya kumalire, ndipo basi ina itadutsa pakati pathu sindinaionenso.